Chimbale cha Bill Evans: Tiyambe Tamvera Tisanaweruze

Mawu akuti jazz samveka bwino pakati pathu. Ambiri a ife tinakulira m'makwaya a mpingo ndi m'sukulu za mishoni, kumene tinauzidwa kuti zimenezi ndi nyimbo za m'mabala, nkhani n'kuthera pomwepo. Ndi ochepa amene anakhalapo pansi n'kumvera chimbale chimodzi cha jazz kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ife tikufuna tikambe za chimbale chimodzi chotero, Sunday at the Village Vanguard, cha Bill Evans ndi anzake awiri. Maganizo athu ndi akuti wophunzira wa Chiadventisti, makamaka amene amaimba kapena akukonzekera uphunzitsi, ali ndi chifukwa chomveka chochimvera. Sitikupempha kuti chilowe m'tchalitchi pa Sabata. Tikunena kuti chili ndi phunziro limene makwaya athu, makwateti athu ndi makalasi athu akulisowa, ndilo kumvetserana.

Chimbalechi chinajambulidwa pa 25 June 1961, tsiku loyamba la sabata, n'chifukwa chake m'dzina lake muli mawu akuti Sunday. Malo ake anali Village Vanguard, kachipinda kapansi mu msewu wa Seventh Avenue ku New York, kamene Max Gordon anatsegula mu 1935. Oimba anali atatu okha: Bill Evans pa piyano, Paul Motian pa ng'oma, ndi Scott LaFaro pa besi, chida chachikulu chooneka ngati vayolini chimene woimba amachiimika pansi n'kumakoka nsambo zake ndi zala. Tsikulo linali lomaliza pa masabata awiri amene anagwirizana kuimba pamalopo. Anaimba maulendo asanu, awiri masana ndi atatu usiku, ndipo kampani ya Riverside, motsogozedwa ndi Orrin Keepnews, inajambula. Mwa zimene zinajambulidwazo munatuluka zimbale ziwiri, ichi mu 1961 ndi Waltz for Debby mu 1962. Palibe woimba pakamwa. Mukatchera khutu, kumbuyo kumamveka matambula akugundana ndi anthu akucheza, ena osalabadira n'komwe zimene zikuchitika patsogolo pawo.

Kuti timvetse chimene atatuwa anasintha, tiyambe taona mmene magulu ambiri a anthu atatu ankaimbira nthawi imeneyo. Wa piyano anali bwana. Wa besi ntchito yake inali kuponda mapazi anayi anayi mosaphonya, wa ng'oma n'kumasunga nthawi. Awiriwo anali ngati olondola mfumu, ankayankhula pokhapokha akapatsidwa mpata. Evans, amene mu 1959 anaimba nawo m'chimbale chotchuka cha Miles Davis cha Kind of Blue, ankafuna gulu limene onse atatu angamapeke nyimbo limodzi nthawi yomweyo. LaFaro anali munthu woyenera zimenezo. Anayamba kuimba besi ali ndi zaka pafupifupi 18, atayamba waimba klarineti ndi saksofoni, ndipo besi yake inkayankhula ngati zida zoulizazo. Evans akaponya mawu pa piyano, LaFaro amawayankha, mwina kuwatsutsa, mwina kuwapitiriza. Motian, amene nthawi zambiri ankagwiritsa ntchito maburashi a waya m'malo mwa timitengo, ankadziwa pomenya ndi posiya. Mverani nyimbo ya Solar kapena Alice in Wonderland: pali malo amene simungaloze kuti akutsogolera ndi uyu, koma nyimboyo sikusochera.

Ufulu wotere sungatheke popanda mwambo. Anthu atatu akamayankhula nthawi imodzi, kawirikawiri pamatuluka phokoso la pamsika. Apa sipanatuluke phokoso chifukwa aliyense ankadziwa bwino kapangidwe ka nyimbo, ankawerenga nthawi mumtima, ndipo khutu lake linali pa anzake kuposa pa zala zake. Evans amachepetsa dzanja lamanzere kuti besi ipeze poyenda. LaFaro akakwera kumawu apamwamba, piyano imatsika mawu. Zimenezi anaziphunzira poimba limodzi kuyambira 1959, m'zimbale za Portrait in Jazz ndi Explorations, ndipo pa 25 June zinali zitapsa.

Patangopita masiku 11, pa 6 July 1961, LaFaro anamwalira pa ngozi ya galimoto kumpoto kwa dera la New York. Anali ndi zaka 25, msinkhu wa anzathu ena amene timakhala nawo m'kalasi. Evans anasweka mtima moti anakhala miyezi ingapo osaimba pagulu. Posankha nyimbo za chimbalechi anatenga zimene besi ya mnzakeyo ikumveka kwambiri, ndipo anachitsegula ndi Gloria's Step n'kuchitseka ndi Jade Visions, zonse ziwiri zopeka LaFaro. Dzina la LaFaro analiikanso pachikuto. Mtsogoleri wa gulu anapereka malo apatsogolo kwa munthu amene mwachizolowezi amaima kumbuyo.

Kuchokera pamenepo, woimba besi mu jazz anasiya kuonedwa ngati wongosunga nthawi. Eddie Gomez, amene anaimba ndi Evans zaka 11, anayenda m'njira ya LaFaro. Gulu la Keith Jarrett, Gary Peacock ndi Jack DeJohnette, limene linayamba mu 1983 n'kuimba limodzi zaka pafupifupi 30, linamanga pa maziko omwewo a kukambirana kwa anthu atatu ofanana. Brad Mehldau, wa m'badwo wam'mbuyo, wajambula zimbale zake zingapo m'kachipinda komweko. Motian yekha anapitiriza kuimba ku Village Vanguard mpaka chaka chimene anamwalira, 2011. Ntchito ya tsiku limodzi ikuphunzitsabe anthu zaka zoposa 60.

Tsono pali mafunso amene akulu athu angafunse, ndipo ndi mafunso oyenera. Loyamba ndi la chiphunzitso cha mpingo. Buku la malamulo a mpingo wathu, Church Manual, limatchula jazz ndi rock pakati pa nyimbo zoyenera kuzipewa, ndipo malangizo a General Conference a mu 1972 ananena chimodzimodzi. Sitikupeputsa mawu amenewa. Amene anawalemba ankaopa nyimbo zimene zimagonetsa maganizo n'kudzutsa zilakolako, ndipo mantha amenewo ali ndi maziko. Koma malangizo a mpingo pa nyimbo amene anavomerezedwa mu 2004 amatsindika kwambiri mfundo zoyezera nyimbo, ndipo amavomereza kuti nyimbo zosakhala zachipembedzo zingakhale ndi malo oyenera m'moyo wa Mkhristu ngati zikwaniritsa mfundozo. Kuyeza kumafuna kuti chinthucho uchione kaye. Jazz ndi dzina la banja lalikulu lobadwira pakati pa anthu akuda a ku New Orleans, ndipo ina ya mizu yake ili m'nyimbo zauzimu za akapolo. M'banjamo muli zovinira usiku wonse, mulinso zofatsa ngati izi, zimene simungazitsatire maganizo ali mtulo.

Tisaiwalenso kuti kamvekedwe ka jazz kanalowa kale m'nyumba mwathu. Gulu la Take 6 linayambira pa koleji ya Adventisti ya Oakwood ku Huntsville, Alabama, mu 1980, ndipo chimbale chawo choyamba cha 1988 chinapata mphoto za Grammy kumbali ya gospel ndi kumbali ya jazz yomwe. Makwateti athu ambiri amayesa kutsanzira mawu awo othinana aja. N'zosamveka kuombera m'manja chipatso uku tikukana kuyang'ana mtengo wake.

Funso lachiwiri ndi lolemera kuposa loyamba. Chimbalechi chinajambulidwa pamalo ogulitsa mowa, ndipo Evans anali kapolo wa mankhwala ozunguza bongo. Ankagwiritsa ntchito heroin zaka zambiri, kenaka cocaine, ndipo anamwalira pa 15 September 1980 ali ndi zaka 51, thupi litatheratu. Izi sitiyenera kuzibisa kapena kuzikometsa. Pali bodza limene achinyamata oimba amanamizana nalo, lakuti mankhwala amatsegula luso. Moyo wa Evans umatsutsa bodza limenelo: luso analipeza mwa kuphunzira ndi kuyeserera, mankhwala anangomulanda ndalama, thanzi ndi zaka. Uthenga wathu wa zaumoyo ukupeza umboni m'nkhani yake. Koma kulephera kwa munthu sikusandutsa ntchito yake yabwino kukhala yoipa. Danieli ndi anzake anaphunzira chinenero ndi mabuku a ku Babulo mpaka kupambana anzawo, chakudya ndi vinyo wa mfumu n'kuzikana. Anasiyanitsa chotenga ndi chosiya, ndipo sukulu ya mpingo iyenera kutiphunzitsa luso lomwelo, pakuti tikamaliza maphunziro sipadzakhala wotisankhira.

Chotenga apa n'chiyani? Tiyeni tione mmene timaimbira ife. Kangati pamene wa kiyibodi amakweza mawu mpaka mpingo wonse osadzimva ukuimba nyimbo ya mu Khristu mu Nyimbo? Kangati pamene amadzaza kampata kalikonse ndi zokongoletsa, ngati kuti kukhala chete ndi tchimo? M'makwateti mwathu, wa tenala amathamangira kumwamba kuti anthu amuone, wa besi nayenso amakumba pansi kuti achemereredwe, ndipo mawu apakati amasowa. M'kwaya, asopulano amaphimba aaluto. Timathera maola ambiri kuphunzira mawu athu, koma sitiphunzitsidwa kumva mawu a woyandikana naye. Amuna atatu aja, m'chipinda cha anthu osamvetsera, anachita chimene ife timalephera pamaso pa Mulungu: aliyense anadzichepetsa kuti mnzake amveke. Akuluakulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa.

Kwa ife amene tikuphunzira uphunzitsi pali kena kowonjezera. Evans anamaliza maphunziro ake pa koleji ya Southeastern Louisiana mu 1950 ndi madigiri awiri, ya piyano ndi ya uphunzitsi wa nyimbo. Mmene ankatsogolera gulu lake ndi chithunzi cha zimene aphunzitsi athu amatiuza tsiku ndi tsiku, kuti phunziro liziika wophunzira pakati. Ambiri timamva mfundoyi ngati kuti mphunzitsi angogawa ana m'magulu iye n'kukhala pansi. Chimbalechi chikuonetsa zina. Evans sanasiye kutsogolera. Iye ndiye ankayambitsa nyimbo zambiri, n'kuzibweza zikafika potembenukira. Koma ankasiya mpata weniweni, ndipo yankho la mnzake linkasintha chimene iye aimbe motsatira. Mphunzitsi amene amafunsa funso yankho ali nalo kale m'thumba, n'kumangodikira mwana alitchule, amakhala akuimba yekha. Kalasi la ana ambiri limavuta, tikudziwa, koma ngakhale mmenemo n'zotheka kudikira pang'ono mwana akayankha, n'kumanga chiganizo chotsatira pa mawu ake.

Pempho lathu ndi laling'ono. Chimbale choyambiriracho chili ndi nyimbo 6 ndipo chimatha mphindi zoposa pang'ono 40. Chimapezeka pa intaneti. Atsogoleri a makwaya, a makwateti ndi oimba kiyibodi apeze madzulo amodzi pakati pa sabata, aitane mphunzitsi kapena abusa a pasukulu, achimvere limodzi foni zili pansi. Ulendo woyamba atsatire besi yokha, wachiwiri atsatire malo amene piyano yakhala chete. Akatero akambirane momasuka, ndi mfundo za mpingo zili patebulo. Amene chikumbumtima chake sichimulola asakakamizidwe ndipo asanyozedwe. Wina akamvera n'kunena kuti nyimbozi sizimumanga mu uzimu, tidzalemekeza chiweruzo chake, chifukwa chidzakhala chochokera m'makutu ake. Ndipo ngati pa Sabata lotsatira wa kiyibodi mmodzi adzatsitsa mawu kuti agogo a pabenchi lakumbuyo amveke akuimba, madzulo amenewo adzakhala kuti sanapite pachabe.