Malipiro a ofesala wa pa Muloza amakukhudzani

Inu amene mumapikula chimanga ndi nyemba ku Milange n'kudzagulitsa pa Limbuli, musaganize kuti nkhani ya malipiro a maofesala a MRA ndi a Immigration ndi yawo okha. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, nawonso matumba awo anabooka. Ofesala amene watha zaka pa giredi imodzi, tchuthi osapita chifukwa palibe womulowa m'malo, amagwira ntchito monyinyirika. Mzere umatalika, tomato n'kumaola padzuwa, ndipo wina amayamba kuyembekezera "ya Fanta" kuchokera kwa inu.

Ine ndikuti boma liziwakweza pa nthawi yake, liwonjezerenso antchito pachipatapo. Koma inu mukalipira msonkho, lisiti musalisiye. Ndilo lidzakuwombolani pa rodibuloko popita ku Limbe.