Dzina la /dev/sdb n'lobwereka

Pa kompyuta yoyendera Linux, zipangizo zimaoneka ngati mafayilo mu foda ya /dev. Diski yoyamba imene kernel yaizindikira imatchedwa sda, yachiwiri sdb, ndipo magawo ake amapatsidwa manambala, monga sda1 ndi sda2. Dongosololi n'losavuta kumva, koma lili ndi msampha. Zilembozi sizinalembedwe pa diskiyo. Zimaperekedwa potsata diski imene yayamba kuzindikiridwa. Choncho flashi imene lero ili sdb mawa ikhoza kukhala sdc, dzina lake lakale litatengedwa ndi diski yosunga zithunzi za banja kapena mabuku a bizinesi.

Ngozi yake imaonekera pa lamulo la dd, limene ambiri amagwiritsa ntchito poika Ubuntu kapena Debian pa flashi. Lamuloli silifunsa ngati munthu watsimikiza. Limangoyamba kulemba pa chipangizo chimene chatchulidwa, ndipo chilembo chimodzi chikalakwika, ntchito ya zaka zambiri imafufutika m'kanthawi kochepa. Fulumira adadya gaga.

Woyang'anira makina asadalire mayina otere, pakuti njira yabwino ilipo kale. Pulogalamu ya udev, imene Greg Kroah-Hartman adayambitsa mu 2003 ndipo idaphatikizidwa mu systemd mu 2012, imapanga mayina okhazikika. Mu /dev/disk/by-id muli mayina ochokera ku mtundu wa diski ndi nambala yake ya ku fakitale. Mu /dev/disk/by-uuid muli UUID, chizindikiro chimene gawo limalandira pokonzedwa kuti lisunge mafayilo. Chizindikirochi ndicho choyenera kulembedwa mu /etc/fstab, kuti makina asatsegule gawo lolakwika poyaka.

Ena amadandaula kuti UUID ndi yaitali komanso yosaloweza pamtima. N'zoona, pakuti ya ext4 ili ndi zilembo ndi manambala 32. Koma palibe amene akukakamizidwa kuiloweza: lamulo la blkid limaionetsa, munthu n'kungoikopera. Dandaulo lomveka ndi lina, lakuti dd ikakopera diski yonse imakoperanso UUID, madiski awiri n'kukhala ndi chizindikiro chimodzi. Pamenepo by-id ndi imene imawasiyanitsa.

Asanalembe kalikonse pa diski, woyang'anira ayendetse lsblk, aone kukula kwa chipangizo chilichonse ndi pamene chatsegulidwira. Flashi ya 16 GB ndi diski ya 1 TB sizisokoneza munthu amene wayamba wayang'ana.