Galimoto ya otomatiki muiyese itazizira, muiyesenso itatentha

Chaka ndi chaka, soya, mtedza ndi fodya zikasanduka ndalama, kuno ku Tamanda kumatulukira magalimoto achilendo. Uyu wabwera ndi Corolla, uyo Spacio, aphunzitsi atenga ngongole agula Vitz. Pafupifupi onsewa amakhala a otomatiki, poti magalimoto ang'onoang'ono ochokera ku Japan ambiri ndi otero. Koma pofika Novembala, mvula ikuyamba, ena mwa iwo amakhala ali pamiyala kuseri kwa nyumba, ndipo ukafunsa eni ake yankho limakhala limodzi: "Giyabokosi inapita." Zimandiwawa kwambiri, chifukwa ndimadziwa thukuta la banja lonse limene linagula galimotoyo, kuyambira kusosa mpaka kumenya soya pabwalo.

Ambiri amaloza chala otomatikiyo. Akuti siya kumudzi, ndi ya azimayi a m'tauni. Ine ndikukana. Corolla zopangidwa pakati pa 2000 ndi 2006, zija za magiya anayi, zayenda zaka ndi zaka m'misewu yathu ndipo zina zikuyendabe mpaka lero. Chimene chimatigwetsa ndi kagulidwe kathu. Munthu amanyamuka m'mawa ndalama zili m'thumba, afika ku Chipata, aona penti ikuwala, wailesi ikulira bwino, wogulitsa amuzunguza pang'ono patala kuchoka ku Kapata n'kubwerera, basi agwirana chanza. Patala posalala, kwa mphindi zisanu, ngakhale giyabokosi yodwala imayenda ngati yabwino.

Tiyeni tikumbukire kumene galimotozi zadutsa. Zimatsika sitima ku Dar es Salaam, n'kuyendetsedwa mpaka pa Tunduma ndi Nakonde, zina kudzera ku Lusaka n'kutenganso Great East Road, mtunda woposa makilomita 500 kudzafika kuno. Ndipo ife a kumudzi kawirikawiri sitigula yongotsika kumene. Imene thumba lathu limakwanitsa imakhala itadutsa m'manja awiri kapena atatu, mwina inali takisi yonyamula anthu ndi katundu pakati pa Chipata ndi Mwami tsiku ndi tsiku. Penti sangakuuzeni zimenezo, koma giyabokosi ikhoza kukuuzani mukaipatsa nthawi.

Choyamba, pemphani kuiona m'mawa injini isanalizidwe. Muuzeni wogulitsayo dzulo lake kuti asaikhudze, ndipo mukafika ikani dzanja pabonetipo. Mukapeza patentha, funsani chifukwa chake, ndipo mubwere tsiku lina. Giyabokosi yotopa imaonekera kwambiri oyilo akadali wozizira. Tembenuzani kiyi osaliza injini, muone ngati nyale zonse zapadashibodi zayaka, makamaka ya check engine, ndipo injini ikalira zizime zokha. Nyale imene siyaka n'komwe ikukuuzani kuti mwina wina anaichotsa babu kuti isaulule kanthu. Kenako pondani buleki, ikani pa D, muwerenge chamumtima. Galimoto yabwino imagwira msanga, pasanathe masekondi awiri, ndipo mumangomva kukoka pang'ono. Ikayamba yaganiza kaye, kenako n'kugwira mwadzidzidzi mpaka mutu wanu kugwedezeka, pali vuto. Chitaninso chimodzimodzi pa R, ndipo mubwereze kangapo, chifukwa magiyabokosi ambiri amayamba kudwalira pa livesi. Muyesenso kuliza injini ili pa D mutaponda buleki. Siyenera kulira. Iyenera kulira pa P ndi pa N pokha.

Tsopano oyilo, amene ndi nkhani yaikulu kuposa zonse. Mwezi wathawu ndinaperekeza amalume anga kukaona Corolla ina ku Chipata, titatenga makanika wathu wathu. Mnyamatayo sanayang'ane penti ngakhale pang'ono. Atayendetsa galimotoyo mpaka kutentha, anaiimika pamalo osapendekeka, injini ikulira ili pa P, n'kusolola kandodo koyezera oyilo wa giyabokosi. Anang'amba pepala loyera m'kope, n'kudonthezapo. Dontholo linali lakuda ngati khofi, ndipo ataliika padzuwa munkanyezimira tinthu ting'onoting'ono. Anafikitsa chala pamphuno pa amalume.

"Nunkhizani, bambo."

"Zikumveka ngati zapserera," anatero amalume.

"Ndi makilatchi a m'kati amenewo, akutha. Musataye ndalama zanu apa."

Wogulitsa anayesetsa, akuti tingosintha oyilo zonse zikhala bwino. Kusintha oyilo sikubwezera chimene chadyeka kale. Oyilo wabwino wa otomatiki wamba amakhala wofiira woonekera, akakalamba amada pang'ono, koma sanunkha kupserera ndipo sakhala ndi tizitsulo. Mukamupeza wasanduka wotuwa ngati wasakanikira ndi mkaka, ndiye kuti madzi alowamo, mwina kudzera mu ladiyeta poti mapaipi a oyiloyo amadutsa momwemo kukazizira, mwinanso galimotoyo inamira podutsa padambo. Imeneyo isiyeni ngakhale mtengo utatsika bwanji. Chenjeraninso ndi oyilo watsopano mbee m'galimoto imene china chilichonse chikuoneka chosasamalidwa. Funsani kuti anasintha liti, anasinthiranji, ndipo anathira wamtundu wanji.

Funso lomalizali lagwetsa anthu ambiri, chifukwa otomatiki si imodzi. Pali ija yakale imene mumaimva ikusintha magiya limodzi ndi limodzi, ndipo pali CVT, imene ilibe magiya otero koma lamba wachitsulo woyenda pakati pa mapule awiri. Vitz zambiri zoyambira 2005, Corolla Axio kuyambira 2006, Honda Fit zambiri kuyambira pomwe inatuluka mu 2001, ndi Nissan Note zambiri, ndi za CVT. Iliyonse ili ndi oyilo wakewake. Corolla yakale ija imafuna T-IV, Toyota zina zotsatira zimafuna WS, za CVT zimafuna TC kapena FE, Nissan imafuna NS-2 kapena NS-3 malinga ndi chaka, ndipo Honda ili ndi wake. Koma pitani m'mashopu ambiri mukanene kuti mukufuna oyilo wa otomatiki, akupatsani botolo lofiira lomwe lija, lomwenso ena amathira mu pawa sitiyelingi. Oyilo ameneyo akalowa mu CVT, lamba amayamba kuterereka, ndipo pakapita miyezi galimoto imaima. Ngati mwini wake sakudziwa chimene chinathiridwamo, dziwani kuti mukugula chinthu chosadziwika. Magalimoto ena atsopanoko alibenso kandodo koyezera kaja, ndiye pamafunika makanika woti alowe pansi.

Kunena maganizo anga mosabisa, munthu wokhala kuno, amene adzanyamula matumba a feteleza, odwala opita ku chipatala ndi abale opita kumaliro, ndi bwino asankhe otomatiki wamba ya magiya anayi kusiyana ndi CVT. CVT imasunga petulo ndipo m'tauni ndi yabwino, koma sikondwa ndi katundu wolemera, mchenga ndi kulimbana m'matope. Ikawonongeka, amakanika ambiri saitsegula, amangoti mugule ina yathunthu, ndipo nthawi zambiri imeneyo iyenera kuchokera ku Lusaka. Ngati mtima wanu uli pa Fit yoyamba ija, tcherani khutu ponyamuka: matenda ake odziwika ndi kunjenjemera ikamayamba kuyenda. Fit ya hybrid yopangidwa pakati pa 2013 ndi 2020 ili ndi giyabokosi ya mtundu winanso, ya makilatchi awiri, imene kampani ya Honda inaitanitsa kangapo ku Japan kuti ikakonzedwe.

Poyesa pamsewu, chiwongolero chigwireni inu kapena makanika wanu, ndipo wailesi izimitsidwe. Musabwerere pasanathe theka la ola, chifukwa matenda ena amadikira oyilo atenthe. Chipata ndi tauni ya m'mapiri, chikweza sichisowa. Kwezani anthu anayi, mupite pachikweza, muime pakati, kenako munyamuke. Yang'anani singano yoonetsa kuthamanga kwa injini. Pa otomatiki wamba, singanoyo ikakwera mwadzidzidzi, injini ikubangula koma liwiro osawonjezeka, ndiko kuterereka kumene. CVT mwachibadwa imakweza singano n'kuisunga pamodzimodzi, zimenezo zisakuopseni. Chimene mukusaka pa iyo ndi kunjenjemera, kudukiza ndi kulira ngati mluzu. Pamsewu wowongoka ngati wa ku Lundazi pondani mafuta kwambiri kamodzi, muone ngati yatsika giya n'kukoka mosavuta. Pa Toyota zina zakale nyale ya O/D OFF ikamaphethira yokha, ndipo pa Honda chilembo cha D chikamaphethira, kompyuta ya galimotoyo yaona vuto m'giyabokosi. Ku Chipata kuli amakanika okhala ndi kamakina kolumikiza pansi pa dashibodi kowerenga zonsezi. Ndalama imene mungawapatse ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi mtengo wa giyabokosi.

Mukabwerera, iimikeni pamalo oyera, mudikire pang'ono, kenako mugwade. Inde, mugwade ndithu, ngakhale mutavala suti. Onani ngati pansi padontha chofiira, ngati sampu ya giyabokosi inaphwanyidwapo ndi mwala, ngati malabala a ma CV joint ang'ambika. Magalimoto ena anachokera kumadera a chipale ku Japan monga Hokkaido, kumene amathira mchere m'misewu, ndipo pansi pake pamakhala dzimbiri loti chala chikhoza kuboola. Yerekezaninso kutalika kwa galimotoyo kuchoka pansi ndi msewu wopita kunyumba kwanu mu Febuluwale, osati wa ku Chipata mu Julayi.

Pali zinthu ziwiri zimene ife ozolowera magalimoto a kilatchi timaiwala. Otomatiki silira poikankha. Batire likafa kumudzi, anyamata khumi sangakuthandizeni, ndiye onani msinkhu wa batirelo ndi sitata yake, ndipo mugule zingwe zolumikizira batire tsiku lomwelo. Chachiwiri, otomatiki sikokedwa ndi chingwe mtunda wautali matayala okoka ali pansi, chifukwa pampu ya oyilo imayenda ndi injini, ndiye injini ikazima zitsulo zimazungulira zouma. Funsani mochenjera ngati galimotoyo inakokedwapo, ndipo muyang'ane kutsogolo ngati pali zipsera za chingwe.

Za makilomita olembedwa padashibodi, musazikhulupirire zokha. Galimoto yoti yayenda pang'ono singakhale ndi labala wa buleki wodyeka mpaka chitsulo, chiwongolero chosalala ndi mpando wa dalaivala wophwa. Ku Japan amamata timapepala pakhomo la dalaivala kapena pansi pa boneti, tosonyeza tsiku ndi makilomita pamene anasintha oyilo. Zaka amazilemba mwa kwawo: mukaona H24, onjezerani 1988, ndiye kuti ndi 2012. Ngati kapepalako kakusonyeza makilomita ochuluka kuposa a padashibodi lero, wina anabweza nambala, ndipo munthu amene wanama pamenepa ananamanso pena.

Safunsa anadya phula, koma funsani woyenera. Makanika amene wabwera ndi wogulitsa, kapena mnyamata amene wakutsogolerani kuti adyepo yake, sali kumbali yanu. Tengani wanu amene adzakhale akukonza galimotoyo ikadzavuta, chifukwa iyeyo sangafune kudzilembera mavuto.

Mapepala muwaone musanatulutse ndalama. Nambala ya chasisi ndi ya injini zimene zili pagalimoto zifanane chilembo ndi chilembo ndi zimene zili mu white book, buku la umwini wa galimotoyo, ndipo dzina la m'bukulo lifanane ndi la pa NRC ya amene akugulitsa. Akakuuzani kuti bukulo lili ndi achimwene awo ku Lusaka lidzabwera, nanunso ndalama zidzabwere tsiku lomwelo. Popeza tili m'malire ndi Malawi, galimoto ya nambala yachilendo imene ilibe mapepala a ZRA osonyeza kuti msonkho unalipidwa ikhoza kudzalandidwa pa rodibuloko, ndipo wogulitsa simudzamuonanso. Lemberanani kalata yogulitsana pali mboni, muonetsetse kuti fitinesi, msonkho wa pamsewu ndi inshuwalansi zili bwanji, kenako mupite limodzi ku polisi ndi ku ofesi ya RTSA ku Chipata kuti galimotoyo itsimikizidwe n'kulowa m'dzina lanu. Ndipo pa ndalama za zokolola zija musiyeko zina zogulira oyilo woyenera, fyuluta ndi matayala, chifukwa galimoto iliyonse yakale imafuna zimenezi mwezi woyamba womwewo.