Masewera opanda refa ali ndi phunziro kwa ife a ku Lundazi

Cimanga cikalowa m'nkhokwe ndipo mphepo ya Juni ikayamba kuomba, mabwalo a bola m'boma la Lundazi amadzuka. Masukulu amapikisana, acinyamata a m'mipingo amapikisana, nayo midzi imatulutsa matimu ake. Pa Ciweru masana mudzapeza anthu azungulira bwalo, ena akwera pa njinga kuti aone bwino, amai akugulitsa zitumbuwa ndi mbatata yophika. Zimenezi n'zabwino ndipo tikufuna zipitirire.

Koma amene amapita ku mabwalo awa akudziwanso zina zimene zimacitika kumeneko. Timu ya "ana a sukulu" imalowa ndi mnyamata wa ndevu amene mudzi wonse ukudziwa kuti ali ndi mkazi. Refa akaimba wezulo imene sitinaikonde, amathamangitsidwa ndi miyala. Mpikisano umene unayamba ndi pemphero umatha ndi ndeu, ndipo midzi iwiri imene imakwatirana imakhala miyezi osapatsana moni. Cimatipweteka kwambiri n'cakuti nthawi zambiri amene amayambitsa zimenezi si ana ai. Ndife akulu-akulu: makolo, aphunzitsi, makochi ndi ocemerera.

Pa cifukwa cimeneci tikufuna kukuuzani za masewera ena amene ambiri mwa ife sitinawaonepo, ochedwa ultimate frisbee. Anayamba m'caka ca 1968 pakati pa ana a sukulu ya sekondale ya Columbia High School ku Maplewood, m'dera la New Jersey ku America. Anawo atapita ku makoleji anapita nawo masewerawo. Pa 6 Novembala 1972, ophunzira a Rutgers ndi a Princeton anasewera mpikisano woyamba wa pakati pa makoleji, ndipo a Rutgers anapambana 29 kwa 27. Kucokera pamenepo masewerawa afalikira ku maiko ambiri. Bungwe lowayang'anira pa dziko lonse, la World Flying Disc Federation, linakhazikitsidwa mu 1985, ndipo mu 2015 komiti ya masewera a Olimpiki inalivomereza mokwanira.

Kasewereredwe kake n'kosavuta. M'malo mwa bola amaponyerana kambale ka pulasitiki kolemera magalamu 175, kamene kamayandama mumphepo. Timu iliyonse imakhala ndi anthu 7. Bwalo lake ndi la mamita 100 m'litali ndi 37 m'lifupi, ndiye kuti limakwana bwino m'bwalo la bola. Kulibe magoli oimika. Cigoli cimawerengedwa pamene mnzako wawakha kambale mkati mwa malo a mamita 18 amene ali kumapeto kwa bwalo. Wogwira kambale saloledwa kuthamanga nako, ndipo ayenera kuponya masekondi 10 asanathe. Kakagwa pansi, kapita kwa timu inayo. Kukankhana ndi kugwirana n'koletsedwa. Palinso mipikisano imene anyamata ndi atsikana amasewera m'timu imodzi.

Cimene catikopa ife n'cakuti m'mipikisano yambiri ya masewerawa mulibe refa. Osewera okha ndiwo amaweruza. Wina akaona kuti walakwiridwa, amanena, ndipo masewera amaima. Wonenedwayo akavomera, cilango cimatsatira. Akakana, awiriwo amakambirana mwacidule, ndipo akapanda kugwirizana kambale kamabwerera kwa amene anaponya, masewera n'kuyambiranso pamenepo. Masewera akatha, matimu onse awiri amaima pamodzi mozungulira n'kuuzana zimene zayenda bwino ndi zimene sizinayende. Kenaka timu iliyonse imapatsa inzake mamakisi pa khalidwe: ngati imadziwa malamulo, ngati inapewa kugunda anzake, ngati inali ya cilungamo, ngati inadziletsa, ndiponso ngati inalankhula mwaulemu. Pa mapeto a mpikisano pamakhala mphotho ya opambana ndi mphotho ina ya timu ya khalidwe labwino.

Cacilendo cina ndi mmene matimu a m'makoleji a ku America amadziyendetsera. Ambiri salandira thandizo lalikulu ngati limene amalandira matimu a masewera ochuka. Ophunzira amasankha okha atsogoleri awo, amasonkha okha ndalama ya ulendo, amayenda maola ambiri pa galimoto, ndipo amagona mothithikana kuti ndalama ikwane. Pa mpikisano wa masiku awiri amasewera katatu kapena kanai tsiku loyamba, mawa lake n'kubwereranso m'bwalo miyendo ili yolema. Lolemba ali m'kalasi. Mwana wa ku Mwase kapena ku Lumezi amene anakwerapo kumbuyo kwa lole kupita ku mpikisano wa pa Boma, atanyamula ufa ndi nyemba zake, sangadabwe ndi moyo umenewu.

Tikudziwa zimene ena anganene. Anganene kuti awa ndi masewera a ana a anthu olemera a kutali, ndipo kuno sangatheke. Anganenenso kuti bola yopanda refa ingathe ndi zibakera mphindi zisanu zisanakwane. Pa mfundo yaciwiriyi sitikutsutsa. Bola ndi masewera ogundana ndipo refa ndi wofunika. Ngakhale mu ultimate momwemo, mipikisano ikulu-ikulu imakhala ndi anthu oima pambali othandiza pakabuka mkangano, ndipo ligi ya osewera olipidwa ya ku America imagwiritsa nchito marefa. Sitikunena kuti titaye bola kapena netibo, ndipo sitikunena kuti marefa apume.

Cimene tikunena n'cakuti ngati anyamata ndi atsikana a zaka 19 kapena 20, amene akufunitsitsa cikho ngati wina aliyense, angathe kuvomera okha kuti "ndalakwa, kambale ndi kanu", ndiye kuti cilungamo pa bwalo cimaphunzitsika. Ana athu si osiyana ndi ana amenewo. Ndipo kuweruzana popanda wezulo si cinthu cobwera ndi azungu. Pa nsolo palibe refa. Pa phada ndi pa ciyato palibe refa. Ana akasemphana amakambirana, ndipo wobera amadziwika ndi kusalidwa. Pa bwalo la anyakwawa, milandu ya malire a munda imatha ndi kukambirana, anthu n'kupitiriza kukhalira limodzi. Zimene tinali nazo kale m'midzi tazisiya panja pa bwalo la bola.

Tiyeni tiyambe ndi nkhani ya kubera zaka, cifukwa ndiyo muzu wa mavuto ambiri. Mwana wa zaka 13 amene wacita maphunziro a bola teremu yonse amakhazikidwa pa benchi kuti malo ake atenge mnyamata wa zaka 20 amene anasiya sukulu kale. Mwanayo amaona aphunzitsi ake akusintha dzina pa pepala. Amaona makolo akuomba m'manja. Kodi tsiku limenelo waphunzira ciani? Waphunzira kuti bodza limabweretsa cikho. Mawa lino akadzakhala kalaliki pa msika wa cimanga kapena wa soya, n'kukonza sikelo kuti ibere mlimi, tisadzafunse kumene anaziphunzira. Alimi tonse timadandaula ndi ogula a sikelo zabodza. Tisamaphunzitse ana athu khalidwe lomwelo pa bwalo la sukulu.

Kubera kumeneku kumationongeranso tsogolo la masewera. Bungwe la FIFA linayamba mu 2009 kuunika mafupa a pa mkono a osewera a mpikisano wa osapitirira zaka 17 kuti lidziwe zaka zawo zenizeni. Wobera angapambane ku Lundazi, koma patsogolo adzagwidwa, ndipo mwana waluso amene tinamukhazika pa benchi adzakhala atataya mtima kale.

Luso lilipo kuno kum'mawa. Fashion Sakala, amene anabadwira ku Chipata, anali m'timu ya Zambia ya osapitirira zaka 20 imene inatenga cikho ca Africa mu 2017 ku Lusaka itagonjetsa Senegal 2 kwa 0, ndipo mu 2021 anapita kukasewera ku Rangers ku Scotland. Pa atsikana, Barbra Banda anagoletsa zigoli zitatu-zitatu m'masewera awiri otsatizana pa Olimpiki ya ku Tokyo mu 2021, ndipo mu 2024 anasankhidwa kukhala wosewera wamkazi woposa onse mu Africa. Caka comweco Muzala Samukonga anabwera ndi mendulo ya mkuwa ya mamita 400 kucokera ku Paris. Onsewa anayambira pa mabwalo wamba. Ndani angatsimikize kuti ku Kanyanga, ku Chasefu kapena ku Mphamba kulibe mwana wotere?

Pa nkhani ya atsikana tili ndi mlandu. M'mabanja ambiri mnyamata akaweruka ku sukulu amapita ku bola, pamene mlongo wake amapita ku cigayo ndi ku mjigo. Ena amati mtsikana wothamanga-thamanga pa bwalo alibe mwambo. Koma mtsikana amene ali m'timu, amene anzake akumudikira pa maphunziro a masewera ndipo kochi akufunsa akapanda kubwera, amakhala ndi cifukwa cina cokhalira pa sukulu. M'cigawo cathu, kumene tonse tikudziwa ana amene anacotsedwa m'kalasi n'kukwatiwa ali aang'ono, cifukwa ciliconse cotere n'camtengo wapatali. Masewera amene mnyamata ndi mtsikana amavala jezi imodzi, ndipo kugundana n'koletsedwa, ali ndi cotiphunzitsa pamenepa.

Tsono ticite ciani? Coyamba, okonza mipikisano ya m'mipingo ndi m'masukulu aike mphotho yaciwiri, ya khalidwe. Masewera akatha, kaputeni aliyense alembe mamakisi a timu imene wasewera nayo. Izi sizifuna ndalama, zimafuna pepala ndi pensulo. Koma mphothoyo ikhale yooneka. Ngati opambana alandira mbuzi, a khalidwe labwino asapatsidwe kuomba m'manja kokha.

Caciwiri, zaka za osewera zitsimikizidwe mpikisano usanayambe. Khadi ya ku sikelo ya ana, kaundula wa sukulu ndi mabuku a ubatizo zilipo. Timu yopezeka ndi wobera icotsedwe, ndipo wamkulu amene anasaina pepala afunsidwe pamaso pa komiti. Mwanayo asasenze yekha mlandu wa akulu.

Cacitatu, refa atetezedwe. Kawiri-kawiri amakhala mphunzitsi kapena mnyamata wa m'mudzi amene wadzipereka popanda malipiro. Timu imene ocemerera ake amenya refa ilandidwe mapointi. Anyakwawa ndi akulu a mpingo akhalepo pa bwalo, cifukwa pamaso pawo anthu amacita manyazi. Mowa ugulitsidwe kutali.

Cacinai, mabwalo asungidwe. Bwalo la sukulu kapena la mpingo likagawidwa mapuloti, silibwereranso. Tikupempha mafumu athu ndi makhonsolo a Lundazi, Lumezi ndi Chasefu, maboma amene anali amodzi mpaka 2018, kuti malo osewererapo ana alembedwe ndi kuikidwa malire. Ndalama ya citukuko ca m'madera a aphungu, ya CDF, inakwera kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022, ndipo mu 2025 inali K36.1 miliyoni pa dera lililonse. Makalasi, madesiki ndi mijigo ndizo zoyamba, sitikukana. Koma kusalaza bwalo ndi kuimika magoli a citsulo ndi kagawo kocepa ka ndalama imeneyo. Pempho lotere limayambira ku makomiti a citukuko a m'mawodi, ndipo silingafike kumeneko ngati makolo sitilinena.

Cacisanu, tisadikire andale. Tonse taona zikho zimene zimabwera caka ca masankho n'kusowa mavoti akangowerengedwa. Ophunzira a ultimate amene tawachula aja amasonkha okha. Ifenso pa nthawi yokolola, banja lililonse la mu mpingo kapena la pa sukulu litapereka tini imodzi ya cimanga kapena ya nshawa, timu ingakhale ndi bola, majezi ndi ndalama ya ulendo, ndipo ingakhale yathu. Msungi wa cumaco azipereka lipoti poyera, cifukwa sitingaphunzitse ana cilungamo pamene thumba la timu likudyedwa.

Ndipo ngati pali mphunzitsi wa masewera, wophunzira wa ku Chipata College of Education kapena mtsogoleri wa acinyamata amene angapeze kambale kamodzi, ayese masewerawa ndi ana. Safuna nsapato zodula kapena magoli. Kambale kamodzi kamakwanira ana 14, ndipo malire angaikidwe ndi phulusa. Mwina adzawakonda, mwina adzabwerera ku bola. Koma tsiku limenelo adzakhala ataona kuti munthu angapikisane ndi mphamvu zake zonse popanda wom'londa.

Akulu anati kuongola mtengo mpoyamba. Ana amene akuthamanga pa mabwalo athu caka cino ndiwo adzakhale makalaliki, makhansala, asungi a cuma a makopaletivu ndi akulu a mipingo. Zimene tikuwaonetsa pa Ciweru masana ndizo adzaticitira tikadzakalamba. Mpikisano ukubwerawu, mwana wanu akadzabwera kunyumba, musangomufunsa kuti mwawina zingati. Mufunseninso ngati onse amene anasewera anali oyenera, ndiponso ngati refa anafika kwawo bwino.