Tsitsi linameranso, nanga mano?

Asanandiike diripi yoyamba ya mankhwala a khansa, anandichenjeza za tsitsi. Za mano palibe anatchula. Tsitsi linabwerera, koma mano anayi amene ndinataya sadzameranso.

Mankhwalawa amaumitsa malovu, chonsecho malovuwo ndiwo amatsuka asidi wodya mano. Onjezanipo kusanza, zilonda zam'kamwa zokuopetsa mswachi, ndi zakumwa zotsekemera zimene achibale amabweretsa. Dzino likawola chithandizo chili m'kati, kulizula n'koopsa: chitetezo cha m'thupi chatsika, magazi amachedwa kuundana.

Ndikadandaula amati, "Thokozani kuti muli moyo." Ndikuthokoza, koma wamoyo amadya, ndipo chimanga chootcha sachitafuna ndi nkhama. Madokotala inu, tumizani wodwala aliyense kwa dokotala wa mano diripi isanayambe. Bowo likadali laling'ono amalimata tsiku limodzi.