Za "ndilibe nthawi yophika"

Aphunzitsi anzanga, ndi inu ana anga amene munadutsa m'manja mwanga ndipo lero muli m'maofesi, mundikhululukire, lero ndabwera nditakwiya.

Lachiwiri lapitali pa nkhomaliro ndinatsegula kontena yanga ya futali m'sitafurumu. Bambo ena amene timaphunzitsa nawo anaseka mpaka misozi. "Achimwene, mbatata? Malipiro atha kale?" Iwo m'dzanja munali jumbo ya tchipisi cha pachiwaya, m'dzanja linalo botolo la Fanta. Bambo omwewa mwezi uliwonse pa 15 pasanafike amakhala atagogoda kale kwa akatapila, ndipo chaka chatha kuchipatala anawauza kuti BP yawo yakwera. Ukawafunsa, yankho ndi limodzi: "Ndilibe nthawi yophika."

Mawu amenewa andikwana. Ntchito yathu ndikuidziwa. Inenso ndili ndi makalasi odzaza, mulu wa makope ofuna kuchonga, ndipo ndikafika kunyumba magetsi amakhala atazima. Koma tiwerengere limodzi. Kusenda mbatata, kuiwiritsa pambaula, kuthira nsinjiro ndi kamchere: theka la ola latha, futali wapsa. Usipa wa tomato ndi anyezi sudutsa mphindi 15. Nkhwani wotendera chimodzimodzi. Mazira, masoya pisi, osanena. Nanga kupita pachiwaya, kudikira pamzere, kubwerako, ndi mphindi zingati?

Vuto si wotchi ayi. Vuto ndi loti m'mitu mwathu chakudya ndi nsima basi. Munthu adya mpunga, adya chinangwa, adya nthochi, mawa lake nkumauza anzake kuti anagona ndi njala. Ndiye akaweruka atatopa, akaganiza zoyatsa moto, kuphika ndiwo ziwiri, kenako kutereka wa nsima, mphamvu zimamuthera, amangokhotera pachiwaya. Kumeneko amadya mafuta amene akazingidwa kuyambira m'mawa mpaka kuda bii, ndi mchere wowaza ndi dzanja, pamene bungwe la WHO limati munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mchere patsiku, kasupuni ka tiyi kamodzi kosadzaza. Chomvetsa manyazi nchakuti ndife tomwe timaima kutsogolo kwa ana nkumawaloweza magulu asanu ndi limodzi a zakudya. Pabolodi timalemba asanu ndi limodzi, m'mimba timaika awiri.

Ena mudzati nanga nyemba, si zimatha makala? Zimatha ngati mwazitereka zouma. Ine ndimazinyika m'madzi usiku. M'mawa ndikamasamba ndi kusita, zimakhala zikubwata pamoto kwa theka la ola. Ndikatero ndimakulunga poto wake wovundikira m'bulangete lakale, ndikumuika m'dengu, ine ulendo kusukulu. Pobwera masana ndimapeza zafewa, kwatsala kuziwiritsanso ndi kuthira tomato. Kuyambira pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, thumba la makala sindiliseweretsa.

Amayi anzathu a m'sitafurumu sindikuwanena. Ambiri a iwo akaweruka amakayamba ntchito yachiwiri kukhitchini, bambo ali pampando ndi foni. Iwo akati nthawi alibe, ndimawamva. Ndikunena ife abambo, makamaka anyamata anga a Fomu 4 akale amene mukukhala nokha m'tauni, ndipo mumaona ngati kugwira mthiko kukuchotserani digiri. Mmodzi wa inu anandichereza mwezi watha kunyumba kwake. Firiji yaikulu ndithu, koma m'kati munali madzi, mabotolo atatu a zoziziritsa kukhosi ndi anyezi mmodzi wophukira. Ndi mwana amene anakhoza bwino Biology m'kalasi mwanga. Dzina sinditchula, akudzidziwa.

Mawa ndinyamula makontena awiri a futali. Ina ndikaika patebulo la bambo aja belu la nkhomaliro lisanalire, tione ngati adzaseke kukamwa kuli kodzaza.