Chikalata cha zofuna zathu pa zilonda za m'maso

Kwa: Bwanamkubwa wa boma la Mchinji
Kudzera kwa: Mkulu wa zaumoyo m'bomali
Kuchokera kwa: alimi, makolo ndi achinyamata a m'dera la Mfumu Yaikulu Mavwere

Bwana,

Mu 2022 bungwe la WHO lidalengeza kuti Malawi wagonjetsa nthenda ya trachoma. Ife a ku Mchinji tidaona mankhwala ake akugawidwa mudzi ndi mudzi, choncho tikudziwa kuti boma likafuna, chithandizo cha maso chimafika kumudzi. N'chifukwa chake talimba mtima kukulemberani za nthenda ina yochititsa khungu: chilonda cha pagalasi la diso, kachikopa koonekera kamene kamaphimba mwana wa diso.

Kwa mlimi chimayamba ndi kanthu kochepa. Tsamba la chimanga lakukala m'diso poimika mikukwe, kapena chitsotso chagweramo pomenya soya. Pokalikapo pamalowa tizilombo, diso n'kufiira, n'kumalira misozi, n'kumaopa dzuwa. Pakapita masiku pamatuluka kadontho koyera. Munthu akachedwa, chilondacho chimasiya chipsera chosatha kapena kuboola diso kumene. Ambiri timachedwa chifukwa timayamba tadonthezera mkaka wa m'mawere kapena madzi a masamba, ena n'kukagula kabotolo ka mankhwala pamsika. Ena mwa mabotolo amenewo amakhala ndi steroid. Diso limaoneka ngati lapola, pamene tizilombo tikudya mkati.

Pamwamba pa izi pabwera za makono. Atsikana athu akuona magalasi amitundumitundu ovala m'diso, ma contact lens, pa Facebook ndi pa WhatsApp, n'kumawasirira kuti akatchene nawo pachinkhoswe ndi paukwati. Sitikunyoza kutchena ayi. Koma wogulitsa sanena kuti kugona nawo kumamana diso mpweya, kuti kubwerekana n'kupatsirana matenda, ngakhale kuti madzi a pachitsime, a pamjigo ndi a pampopi omwe, sayenera kuwakhudza. M'madzi mumakhala kachilombo ka Acanthamoeba kamene ndi kovuta kwambiri kuchiza, ndipo kena kotchedwa Pseudomonas kakhoza kuwononga galasi la diso m'masiku awiri okha. Kuno kwathu, kumene fumbi la chilimwe ndi utsi wa m'khitchini sizisowa, madzi ake enieni otsukira magalasiwa mwana wa sukulu awagula kuti?

Chimene tikufuna koposa n'chakuti chipatala chilichonse chaching'ono m'dera lathu chikhale ndi munthu wophunzitsidwa kuona chilonda cha m'diso. Akhale ndi tochi, timapepala ta fluorescein toonetsa pamene pakalika, ndi mankhwala opaka monga tetracycline kapena chloramphenicol osatha m'nkhokwe, makamaka kuyambira Epulo mpaka Julaye pamene tikukolola. Zimenezi si zodula kuyerekeza ndi diso la munthu wodyetsa banja.

Wodwala amene chilonda chake chakula asauzidwe kuti abwere sabata yamawa. Alembedwe kalata tsiku lomwelo yopita kuchipatala cha boma ku Mchinji kapena kuchipatala cha maso cha Lions ku Kamuzu Central ku Lilongwe, ndipo wosauka athandizidwe mayendedwe. Tikufunanso kuti wa maso wochokera ku boma azibwera kuno kamodzi pamwezi, tsiku lake lodziwika kwa mafumu ndi m'mipingo.

Alangizi a zaumoyo aphunzitsidwe kunena mawu ochepa awa pasikelo ndi pamisonkhano: diso likafiira ndi kuwawa, vulani contact lens, musadonthezere kanthu, pitani kuchipatala lero. Asing'anga aitanidwe nawo, pakuti ambiri timayambira kwa iwo. Kuwasiya kunja n'kudzinamiza.

Pomaliza, khonsolo igwirizane ndi bungwe loona za mankhwala la PMRA kuti liyendere misika ya m'mbali mwa msewu wa M12, monga pa Waliranji, lichotse mankhwala a m'maso ogulitsidwa popanda chilolezo. Ma contact lens nawo asagulitsidwe ngati ndolo m'masaluni. Aziperekedwa ndi munthu amene wayeza diso.

Tikupempha yankho lolemba pasanathe masiku 30, liperekedwe kudzera kwa Gogo Chalo Mavwere, ndiponso kuti nkhaniyi ilowe pamndandanda wa zokambirana za msonkhano wa khonsolo ukubwerawu.

Ndife anu,
Anthu a kwa Mavwere, amene tasaina ndi kudinda zala pamapepala otsatirawa